Pepala Lomanga Wodzipereka Limangenso Boma

Palibe munthu amene amakonda mafomu. Funsani makolo athu amene adaimapo pa mzere tsiku lathunthu kuti apeze chitupa cha unzika. Funsani abambo ansembe amene amagona mochedwa polemba malipoti a ndalama za chithandizo. Onsewa adzakuuzani kuti pepala la boma ndi lotopetsa. Tsono munthu akamva kuti m'maiko ena ngakhale wofuna kugwira ntchito yongodzipereka ayenera kuyamba wadzaza mafomu, wasayina apa ndi apo, nadinditsa zala zake, amapukusa mutu nafunsa kuti: kodi mtima wabwino nawonso ufuna chidindo?

Ine ndikuti inde, ufuna. Koma ndikuvomera pa mfundo imodzi yokha, yakuti pepalalo limange mbali zonse ziwiri. Ngati wodzipereka ayenera kutsata malamulo, nalo boma liyenera kutsata malamulo pamene likulemba kapena kusintha malamulowo, ndipo lamulo loyamba kwa boma likhale lakuti liyambe lafunsa anthu. Pofuna kuonetsa zimenezi ndasankha dziko la America, pakuti kumeneko nkhaniyi idafika mpaka kukhoti m'chaka cha 2025, ndipo chimene chidapulumutsa ntchito za anthu odzipereka zikwi zambiri chidali chiganizo chimodzi cha m'malamulo chonena za kufunsa anthu.

NTCHITO YOTUMIKIRA DZIKO

Ambiri a ife dzina limene timalidziwa ndi la Peace Corps, bungwe limene Pulezidenti John F. Kennedy adakhazikitsa m'chaka cha 1961. Bungweli lidayamba kutumiza aphunzitsi ku dziko lathu lino m'chaka cha 1963, tisanalandire ufulu wodzilamulira, ndipo ena mwa agogo athu adaphunzitsidwa Chingerezi ndi masamu ndi achinyamata amenewa. Koma Peace Corps imagwira ntchito kunja kwa America. Palinso ndondomeko zina zimene zimatumiza nzika za America kukatumikira m'dziko lawo lomwelo. Imodzi mwa zoyamba idali VISTA, imene idabadwa m'lamulo lolimbana ndi umphawi la 1964, nthawi ya Pulezidenti Lyndon Johnson. M'chaka cha 1965 kudabwera Foster Grandparent Program, mmene anthu achikulire amakhala ngati agogo a ana ovutika. Mu 1993 Pulezidenti Bill Clinton adasayina lamulo lokhazikitsa nthambi ya boma yotchedwa Corporation for National and Community Service, imene idasonkhanitsa ntchito za m'dzikomo pansi pa denga limodzi, ndipo gulu loyamba la AmeriCorps lidalumbira mu 1994. Kuyambira m'chaka cha 2020 nthambi yonseyo imangotchedwa AmeriCorps.

Kodi anthuwa amachita chiyani? Ena amaphunzitsa ana kuwerenga, ena amamanga nyumba za osauka, ena amayendera nkhalamba zokhala zokha, ndipo ena amathamangira kumene kwagwa ngozi, monga adachitira namondwe wa Katrina atasakaza mzinda wa New Orleans mu 2005. Pofika chaka cha 2024 nthambiyi inkati anthu oposa 200,000 amatumikira m'ndondomeko zake chaka chilichonse. Ambiri mwa iwo boma siliwatumiza lokha ayi. Limapereka ndalama kwa mabungwe, sukulu ndi mipingo, ndipo amenewa ndiwo amalemba anthuwo ndi kuwayang'anira. Wotumikira mu AmeriCorps salandira malipiro enieni, koma kandalama kongomuthandiza kudya ndi kulipira nyumba. Akakwanitsa maola 1,700 m'chaka chimodzi amalandira mphoto yolipirira maphunziro, imene mu 2024 idali madola 7,395.

Apa ndi pamene pepala limalowera. Pali ndalama za msonkho, pali ana, pali nkhalamba, pali mphoto. Pamene zinthu zinayi izi zakumana, mtima wabwino wokha sukwanira.

MAPEPALA OMANGA WODZIPEREKA

Wofuna kulowa mu AmeriCorps amasayina mgwirizano wonena ntchito yake, nthawi yake ndi zimene saloledwa kuchita. Amalemba maola onse amene wagwira ntchito, ndipo womuyang'anira amawatsimikizira. Asanayambe, mbiri yake imafufuzidwa. Lamulo la 2009 lotchedwa Serve America Act, limene adasayina ndi Pulezidenti Barack Obama, lidalimbitsa kafukufuku ameneyu: dzina la munthuyo limayang'anidwa m'kaundula wa anthu amene adapalamula milandu yogwiririra, m'mabuku a milandu a chigawo chake, ndiponso zidindo za zala zake zimapita ku FBI. Munthu amene ali m'kaundula uja, kapena amene adapezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu, saloledwa kutumikira. Bungwe limene lanyalanyaza kafukufukuyu likhoza kulamulidwa kubweza ndalama za boma.

Wina anganene kuti kumeneku ndi kunyoza munthu amene wabwera ndi mtima wofuna kuthandiza. Ine sindiona choncho. Munthu wachilungamo amataya ola limodzi kapena awiri podinditsa zala, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene adzatsekeredwa naye m'kalasi alibe njira ina yodzitetezera. Munthu woipa sabwera atalemba pamphumi kuti ndine woipa. Amabwera akumwetulira, ndipo ntchito yongodzipereka ndiyo khomo limene amalikonda, chifukwa anthu amachita manyazi kufunsa mafunso munthu wogwira ntchito yaulere. Mpingo wathu womwe udaphunzira zimenezi movutika kwambiri. M'chaka cha 2002 Ambuye Aepiskopi a ku America adakumana mu mzinda wa Dallas nagwirizana, mwa zina, kuti mbiri ya onse ogwira ntchito ndi ana m'Mpingo izifufuzidwa. Akadayamba kale, ana ambiri akadapulumuka. Madzi akatayika saoleka.

Palinso mndandanda wa zinthu zoletsedwa pa nthawi ya ntchito. Wa AmeriCorps saloledwa kuchita kampeni ya chipani, kukonza zionetsero kapena sitalaka, kukopa aphungu kuti akhazikitse lamulo, kutsogolera mapemphero kapena kuphunzitsa chipembedzo m'maola amene akuwerengedwa ngati a boma. Pa nthawi yake yapadera ali ndi ufulu ngati nzika ina iliyonse. Lamulo limeneli lidatikhudza ife Akatolika. Yunivesite ya Notre Dame ili ndi ndondomeko yotchedwa Alliance for Catholic Education imene imatumiza aphunzitsi achinyamata m'sukulu za Katolika za m'madera osauka, ndipo ambiri mwa iwo adalinso a AmeriCorps. Bungwe la American Jewish Congress lidasuma, kunena kuti boma likulipira chipembedzo. M'chaka cha 2005 khoti la apilo la ku Washington lidagamula kuti ndondomekoyo ipitirire, ndipo chimodzi mwa zimene lidaona ndi chakuti maola ophunzitsa chipembedzo sawerengedwa pa maola 1,700 aja. Taonani tsono: kapepala kolembapo maola, kamene mphunzitsi aliyense amakadandaula, ndi kamene kadathandiza kuti ana osauka asalandidwe aphunzitsi awo.

MAPEPALA OMANGA BOMA

Zimene ndanenazi zimapezeka m'maiko ambiri, pakuti boma lililonse limadziwa kulamula anthu kudzaza mafomu. Chimene chidandichititsa chidwi ndi mbali inayo, yakuti ku America nalo boma lili ndi mafomu ake oti lidzaze lisanavutitse munthu.

Kuyambira m'chaka cha 1936 boma la dzikolo limasindikiza gazeti yotchedwa Federal Register tsiku lililonse la ntchito. Lamulo la 1946 lotchedwa Administrative Procedure Act limati nthambi ya boma ikafuna kukhazikitsa malamulo okhudza anthu, iyambe yasindikiza maganizo akewo m'gazetimo, ipatse anthu nthawi yoti alembe ndemanga zawo, ndipo potulutsa lamulo lomaliza ifotokoze zifukwa zake. Makhoti akhala akunena kuti nthambiyo iyenera kuyankha mfundo zikuluzikulu zimene anthu adapereka. Aliyense akhoza kulemba: wamkulu wa bungwe, gogo wodzipereka, ngakhale mwana wa sukulu wa msinkhu wanga. Kale ankatumiza makalata pa positi, koma kuyambira 2003 pali tsamba la pa intaneti la Regulations.gov pamene ndemanga zimalandiridwa ndi kuwerengedwa ndi aliyense.

Pamwamba pa lamulo limeneli pali lina lonena za mafomu okhaokha, lotchedwa Paperwork Reduction Act, kutanthauza lamulo lochepetsa mapepala. Adalisayina ndi Pulezidenti Jimmy Carter mu 1980 ndipo lidakonzedwanso mu 1995. Limagwira ntchito motere. Nthambi ya boma ikafuna kufunsa mafunso ofanana kwa anthu khumi kapena kuposerapo, siingangosindikiza fomu. Iyenera kulengeza m'gazeti ndi kudikira masiku 60 kuti anthu anenepo. Kenaka itumize fomuyo ku ofesi yoona za chuma ndi kayendetsedwe ka boma yotchedwa OMB, ndi kulengezanso kwa masiku ena 30. Fomu ikavomerezedwa imapatsidwa nambala, ndipo chilolezocho sichipitirira zaka zitatu. Zikatha, nthambiyo iyenera kupemphanso. Munthu sangalangidwe chifukwa chosadzaza fomu imene ilibe nambala yovomerezeka. Motero fomu yofunsira malo mu AmeriCorps, fomu yopemphera ndalama, lipoti la ntchito, zonse zimadutsa pa chipata chimenechi.

M'chilengezo chilichonse anthu amafunsidwa mafunso anayi. Loyamba: kodi zimene tikufuna kufunsazi ndi zofunikadi pa ntchito yathu? Lachiwiri: kodi tawerengera bwino nthawi imene munthu adzataye podzaza fomuyi? Lachitatu: tingaikonze bwanji kuti imveke bwino ndi kuti mayankho ake akhale aphindu? Lachinayi: tingachepetse bwanji mtolo wa odzaza?

Funso lachiwirilo ndi limene ndimalikonda koposa, chifukwa limavomereza kuti nthawi ya munthu wamba ndi chuma. Tiyeni tiwerengere limodzi ngati tili m'kalasi la masamu. Tiyerekeze kuti fomu ina imatenga theka la ola ndipo odzaza ndi anthu 100,000. Amenewo ndi maola 50,000. Tikagawa ndi 1,700 tipeza kuti kafomu kamodzi kadya ntchito ya chaka chathunthu ya anthu odzipereka 29. Kalaliki amene amaonjezera funso limodzi losafunika amaganiza kuti waonjezera mzere umodzi, osadziwa kuti wachotsa aphunzitsi angapo m'kalasi. Kodi angamuuze ndani? Ndi wodzaza fomuyo yekha, pakuti ululu wa nsapato amaudziwa ndi woivala. Ndicho chifukwa chake kufunsa anthu si ulemu chabe, koma ndi njira imene boma limadziwira zimene silingazione lili mu ofesi. Akulu adati safunsa adadya phula.

ZIMENE ZIDACHITIKA MU 2025

M'mwezi wa Epulo 2025 boma la Pulezidenti Donald Trump, kudzera m'gulu lochepetsa ndalama zimene boma limaononga lotchedwa DOGE, lidafika ku AmeriCorps. Achinyamata a gawo lotchedwa NCCC, amene amayenda m'magulu kukathandiza kumene kwagwa ngozi, adauzidwa mwadzidzidzi kuti alongedze abwerere kwawo. Antchito a nthambiyi pafupifupi 85 mwa 100 aliwonse adaimitsidwa. Kumapeto kwa mwezi womwewo ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni zimene zidalonjezedwa kale ku ndondomeko zoposa 1,000 zidathetsedwa, ndipo anthu odzipereka oposa 32,000 adakhudzidwa. Taganizani za mwana amene Lachisanu adali ndi womuphunzitsa kuwerenga, Lolemba napeza mpando wopanda munthu. Taganizani za mnyamata amene adali atatsala ndi maola ochepa kuti akwanitse 1,700.

Kunena chilungamo, boma lidali ndi chonena. Lidati mabuku a ndalama a nthambiyi adalephera kukhutiritsa owerengera ndalama kwa zaka zisanu ndi zitatu zotsatizana. Imeneyi si nkhani yaing'ono. Nthambi imene imalanga kabungwe ka m'mudzi chifukwa cha fomu imodzi yochedwa iyenera kuyamba yasesa m'nyumba mwake. Koma ngati vuto lili m'mabuku a ku likulu, kodi wolangidwa akhale gogo amene amawerengera ana nthano? Ndipo ngati boma lidali ndi mfundo zabwino, lidaopa chiyani kuziika poyera kuti anthu anenepo?

Zigawo 24 za dzikolo, pamodzi ndi boma la mzinda wa Washington, zidapita kukhoti. Chida chawo chachikulu chidali chiganizo chimene Nyumba ya Malamulo ya Congress idakhala ikulemba m'malamulo opereka ndalama ku nthambiyi, chakuti kusintha kulikonse kwakukulu pa kagwiridwe ka ntchito za AmeriCorps kuchitike pokhapokha anthu atadziwitsidwa ndi kupatsidwa mpata wopereka ndemanga. Pa 5 Juni 2025 woweruza Deborah Boardman wa ku Maryland adagamula kuti zikuoneka kuti boma lidaphwanya lamulo limeneli, nalamula kuti ndondomeko zimene zidathetsedwa m'zigawo zosumazo zibwezeretsedwe pamene mlandu ukupitirira.

Chigamulo chimenechi chidali chongoyembekezera, ndipo chidathandiza zigawo zokhazo zimene zidasuma. Komabe phunziro lake ndi lalikulu. Woweruzayo sadanene kuti AmeriCorps ndi yabwino kapena yoipa, ndipo sadanene kuti boma silingaisinthe. Iye adati pali njira yosinthira, ndipo njirayo imadutsa mwa anthu. Kwa zaka zambiri chiganizo chija chidangogona m'mabuku, osawerengedwa ndi ambiri. Tsiku la tsoka litafika chidakhala ngati mpanda wa khola, umene phindu lake limaoneka usiku umene fisi wabwera.

ZIMENE OTSUTSA ANGANENE

Ndikudziwa kuti ena mwa anzanga a m'kalabu ya mtsutso akonzeka kale ndi mafunso. Loyamba ndi lakuti njira imeneyi ndi yochedwa. Masiku 60, kenaka 30, pamwamba pake nthawi yoyembekezera yankho: fomu imodzi ingatenge miyezi yambiri. Ngakhale kusintha kwabwino, kofuna kufewetsa fomu yovuta, kumaimanso pa mzere womwewo. Zimenezi ndi zoona, ndipo ndi chifukwa chake lamuloli lili ndi khomo lachangu la pa nthawi ya ngozi. Koma tiyerekeze kuchedwa kwa miyezi itatu ndi kufulumira kwa mu Epulo 2025, tione kumene kudapweteka anthu ambiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Funso lachiwiri ndi lolimba kuposa loyamba. Kodi amene amalemba ndemangazo ndani? Kawirikawiri ndi mabungwe akuluakulu amene ali ndi maloya ndi antchito olipidwa kuti aziwerenga gazeti ya boma. Kabungwe ka amayi asanu amene amaphikira nkhalamba alibe nthawi imeneyo, ndipo ndi omwewo amene mapepala amawalemera koposa. Bungwe lalikulu limalemba munthu wodzaza mafomu, pamene laling'ono limasiya kupempha ndalama. Motero pepala limene lidalembedwa kuti liteteze osauka likhoza kutsekera kunja anthu amene ali pafupi kwambiri ndi osaukawo. Apa yankho langa si lakuti kufunsa kuthe, koma kuti wofunsayo atuluke mu ofesi. Kusindikiza chilengezo m'chilankhulo cha maloya ndi kunena kuti tafunsa anthu kuli ngati kuitana msonkhano wa mudzi monong'ona.

Lachitatu ndi la chinyengo. M'chaka cha 2017 nthambi yoona za mauthenga yotchedwa FCC idalandira ndemanga zoposa 22 miliyoni pa malamulo a intaneti, ndipo kafukufuku wa ofesi ya mkulu wa zamalamulo wa chigawo cha New York, amene adatuluka mu 2021, adapeza kuti pafupifupi 18 miliyoni zidali zabodza. Zina zidalembedwa m'maina a anthu amene sadadziwe n'komwe. Koma apa tiyenera kumvetsa kuti ndemanga si voti. Boma siliwerenga manja okwezedwa, limawerenga mfundo. Kalata imodzi yonena kuti funso lakuti pa fomu yakuti silimveka kwa nkhalamba, ndipo lingalembedwe motere, ili ndi mphamvu kuposa makalata chikwi ongonena kuti sitikufuna.

KODI IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Owerenga ena afunsa kuti mwana wa ku seminale akuvutikiranji ndi nkhani za kutsidya kwa nyanja. Chifukwa chake ndi chakuti nafenso tidakhalapo ndi ntchito ya achinyamata yotumikira dziko, ndipo makolo athu akudziwa mmene idathera. A Malawi Young Pioneers adakhazikitsidwa mu 1963. Poyamba cholinga chidali chooneka bwino: kuphunzitsa achinyamata ulimi wamakono, mwambo ndi ntchito zamanja m'malo ophunzitsira monga Nasawa ku Zomba. Koma gululi lidali la chipani, ndipo linkayankha kwa munthu mmodzi. Padalibe mndandanda wonena kuti wotumikira dziko asachite za chipani, padalibe gazeti imene mlimi akadalembako dandaulo lake, ndipo wofunsa mafunso ankaika moyo wake pachiswe. Achinyamata amene adayamba ndi khasu adamaliza ndi mfuti, akuima pa zipata za misika kufunsa makadi a chipani, mpaka asilikali adawalanda zida m'mwezi wa Disembala 1993 pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani. Ambiri mwa iwo adalowa ndi mtima wabwino. Chimene chidasowa ndi malire olembedwa, ndiponso anthu ololedwa kunena kuti apa mwalumpha malire.

M'chaka cha 2022 boma la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko ya National Youth Service, ndipo andale ambiri amakonda kulonjeza ndondomeko za achinyamata nthawi ya chisankho. Ine ndine mmodzi mwa achinyamata amene ndondomeko zotere zimawanena. Ndikupempha kuti iliyonse yotere, ya boma lililonse, ikhale ndi zinthu zitatu zolembedwa poyera: mmene munthu amasankhidwira, zimene wotumikira saloledwa kuchita, makamaka za chipani, ndi mmene ndondomekoyo ingasinthidwire kapena kuthetsedwa. Ndipo zisanalembedwe, achinyamata ndi makolo awo afunsidwe m'zilankhulo zimene amalankhula, pa wailesi, m'mabwalo a mafumu ndi m'sukulu. Sindikuti titengere zonse za ku America ayi, pakuti nsapato ya mnzako siikwana nthawi zonse. Maziko tili nawo kale kwathu konkuno. Malamulo akulu a dziko lino a 1994 amanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene lidavomerezedwa mu 2017, lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Ngakhale m'midzi mwathu mfumu yanzeru siigamula za manda kapena za chitsime isanamve nduna zake ndi anthu ake. Mutu umodzi susenza denga.

Koma kufunsidwa kulibe phindu ngati ofunsidwawo sayankha. Timakonda kung'ung'udza pa mzere, koma tikamva kuti komiti ya aphungu kapena khonsolo yaitana anthu kuti apereke maganizo, timati ndi za ophunzira. Nanga ophunzirawo ndi ndani ngati si ife? Makolo athu amagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti tidziwe kuwerenga ndi kulemba. Kalata yopita kwa akuluakulu imene timaphunzira kulemba m'kalasi si ya mayeso okha. Pa tchuthi tikhoza kukhala pansi ndi agogo athu, kuwawerengera chilengezo, ndi kulemba zimene iwo anena m'dzina lawo. Imeneyonso ndi ntchito yodzipereka. Abambo ansembe, inu muli ndi miphakati imene imafika kumene gazeti ya boma siifika. Chonde itsegulireni mpata wokambirana malamulo amene akukonzedwa, asanakhazikitsidwe, pamene mau a munthu angasinthe kanthu.

Pomaliza ndili ndi mau kwa anzanga a pa seminale. Ena mwa ife tidzakhala ansembe, ena aphunzitsi, ena akalaliki m'maofesi a boma. Tsiku lina tidzakhala kuseri kwa tebulo, ndipo ndife amene tidzakonze fomu yoti wina adzaze, kaya ndi ya chitukuko, ya sukulu kapena ya parishi. Odzipereka adzabwera kwa ife, makatekisiti, a makomiti, amayi osamalira odwala m'midzi. Tisadzachite manyazi kuwafunsa mafunso oteteza ana ndi ndalama za anthu. Koma tisanasindikize pepala lililonse tidzadzifunse mafunso anayi aja: kodi ndi lofunikadi, lidzadya nthawi yochuluka bwanji, kodi likumveka, ndipo lingapepuke bwanji? Tikatero tidzapite kwa odzadzazawo kukawafunsa ngati tayankha bwino. Ndipo tikadzafuna kusintha zimene tidagwirizana nawo, tidzawauze nthawi ikadalipo ndi kumva maganizo awo, pakuti munthu amene wapereka chaka cha moyo wake sayenera kumva za kutha kwa ntchito yake pa kalata yofika madzulo a Lachisanu.

Wolemba ndi wophunzira wa Fomu 3